Hamala ya a Pearson Namakhwa

Amene anakhalako ku Mbayani zaka zapitazi amawadziwa a Pearson Namakhwa, ngakhale amene sanawaonepo nkhope. Anthu ankachita kuwamva. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka inkamveka hamala yawo, ngwe! ngwe! ngwe! pansi pa kashedi kamalata m'mbali mwa njira yotsikira kumsika, pomwe ankakhoma ndowa, mbaula ndi zidebe zothirira kudimba. Lamulungu ankamveka mawu awo. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kampingo kena ka kumtunda, ndipo akangotsegula pakamwa, ngakhale oitanira minibasi pasiteji ankayamba aleka kaye kulimbirana anthu.

Munthuyu anapatsidwa mphatso ziwiri, mawu ndi dzanja, koma mabuleki sanapatsidwe. Mtima wawo unali wapachala. Kasitomala wina atabwera kudzadandaula kuti ndowa imene anagula ikudontha, a Pearson anamuveka ndowayo kumutu n'kuigogoda kawiri, kuti amve yekha ngati ili ndi chibowo. Choncho zimene zikubwerazi musadabwe nazo.

Mpingo wawo unali wa anthu oimba ndi pakamwa pokha. Gitala ayi, ng'oma ayi, ngakhale chisekese cha ana ayi. Chiphunzitso chake chinali chakuti atumwi sanayendepo ndi choimbira, ndipo chimene Mulungu sanapemphe usamupatse. A Pearson chiphunzitsochi sanachiphunzire m'buku, chinawalowera m'zala. Agogo awo anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki atasenza ng'oma ya tchopa, n'kudzakalambira m'minda ya tiyi ku Mulanje. Bambo awo a Pearson anabwera nayo ng'omayo m'tauni atapeza ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Mandala. Tsiku limene bamboyo anabatizidwa, anaing'amba ndi chikwanje ana akuona, n'kuiponya pamoto. Pearson, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anathamanga kuti akaiphule, poti ankakonda kuigogoda akaweruka kusukulu. Bambo ake anamugwira, anamuyalitsa manja pamwala, n'kumumenya zala ndi mpini wa chikwanje mpaka zinatupa. "Chotamandira Mulungu n'chimodzi, chili pansi pa mphuno yakoyo," anatero. Mwanayo anakula akuganiza kuti chikhulupiriro chimalowa mwa munthu choncho.

Amene ankatha kuwaziziritsa anali mmodzi yekha, akazi awo a Sellina, mayi wamfupi wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa Blantyre. Mayiyu sankawaopa. Nthawi zina akamadutsa pashedi pobwera kumsika ankaima n'kumvetsera, kenako n'kuseka.

"Bambo, inu mumadana ndi ng'oma, koma hamala yanuyi ikuimba nyimbo ya Lamulungu lapitali. Ndaimva kuchokera pamlatho."

"Iyi ndi ntchito, si nyimbo," ankayankha a Pearson, nkhope itachita tsinya. Koma kwa kanthawi ankasokoneza dala kamenyedwe kawo, ndipo mbaula ya tsiku limenelo inkatuluka yokhota.

Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono. Atabwera koika wachiwiriyo, a Pearson anakhala masiku atatu osalankhula, ndipo lachinayi anatuluka m'nyumba ndi nyimbo imene anapeka okha. Inkayamba ndi mawu akuti, "Ndafika pakhomo, nditsegulireni." Inali nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, ndipo pakati pake panali popumira patali, pomwe mpingo wonse unkayenera kukhala chete, kudikira, kenako n'kulowa pamodzi. Popanda a Pearson nyimboyo inkaswekera pamenepo. Azimayi ankalowa msanga, azibambo ankachedwa, ana n'kuyamba kuseka. Koma akaitsogolera eni ake, anthu ankagwetsa misozi ngakhale pa ukwati.

A Sellina anaitenga nyimboyo kukhala yawo. "Bambo, ine bokosi lodula sindilifuna, nkhata zambiri sindizifuna," ankatero. "Koma pokwirira manda anga mudzanditsogolere nyimbo yanga, inuyo, osati wina." A Pearson analonjeza akuseka. Mawu anali nawo odzaza chifuwa, ndipo sankaganizako kuti angadzathe.

Popeza m'nyumba munalibe mwana, anatenga Ronald, mwana wa mlongo wawo, n'kumulera. Mnyamatayo ankawaitana a Sellina kuti amayi. Anamulowetsa sukulu, anamuphunzitsa kuimba, mpaka anakula n'kupeza ntchito yotayipa makalata pa ofesi ina m'tauni. Zala zake zinali zazitali, zopepuka. Kuntchitoko ndi kumene anzake anamuphunzitsa kuimba kiyibodi.

Pofika m'chaka cha 2011 achinyamata anali atayamba kuchepa mumpingo. Ankathawira ku matchalitchi a m'matenti, kumene masipika amagwedeza nthiti. Ronald ndi anzake anapempha akulu ampingo kuti aziimbako ndi kiyibodi. Akulu ena anavomera chakumbali, ena anakana, ena anangoti tionabe, ndipo nkhaniyo inangoyandama. Ndiye Lamulungu lina a Pearson analawirira kutchalitchi atanyamula hamala, kuti akhome benchi imene inkagwedera mapemphero asanayambe. Anapeza waya wakuda wachokera m'nyumba yoyandikana ndi tchalitchi, walowera pawindo, n'kukafika patebulo la kutsogolo. Patebulopo panali kiyibodi, Ronald ataima kumbuyo kwake, achinyamata atamuzungulira. Nyimbo imene ankayeserera inali ya a Sellina.

"Chotsa chinthucho," anatero a Pearson.

"Ankolo, tamverani kaye ndime imodzi yokha. Popumira paja kiyibodi ikumatigwirira, palibe akusochera."

"Ndati chotsa."

"Koma ankolo, Davide sankaimba zeze? Mulungu ankatseka makutu?"

"Davide ankaphanso nkhosa paguwa. Sabata yamawa ubwera ndi nkhosa?"

"Ayi ankolo, inu mukungokana chifukwa nyimboyi ikutheka popanda inu."

A Pearson anakweza hamala. Ronald, poganiza kuti amalume ake sangamenye pomwe pali dzanja la mwana amene analera okha, anayala dzanja lake lamanja pamwamba pa kiyibodi. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa hamala ya a Pearson inali isanabwererepo m'njira chiyambire. Inatsika. Timabatani toyera ndi takuda tinauluka uku ndi uku, ndipo tina tinali tofiira. Inatsikanso kachiwiri, poti dzanja lozolowera kukhoma silimenya kamodzi. Ronald sanakuwe. Anayang'ana zala zake, anayang'ana amalume ake, kenako anagwa pansi. Amene anakuwa ndi a Sellina, omwe anali akungolowa pakhomo, ndipo kukuwa kwawo kunatulutsa anthu m'nyumba zonse zapafupi.

Kuchipatala anamudula zala ziwiri zapakati. Zitatu zotsalazo zinapindika osawongokanso, ndipo ntchito yotayipa inathera pomwepo. Nkhani sinapite kupolisi chifukwa mayi ake a Ronald anagwada n'kupempha kuti za pabanja zithere pabanja. Ronald anasamukira ku Limbe, komwe anayamba kugulitsa machaja ndi zikwama za mafoni m'mbali mwa msewu. A Pearson sanapepese. Chonyansa kwambiri n'chakuti ena mumpingo anawagwira chanza, akuti ayeretsa nyumba ya Mulungu. A Sellina anakhala mwezi wathunthu osawaphikira, ndipo tsiku limene anayambiranso kulankhula nawo anangonena mawu ochepa.

"Bambo anu anakutupitsani zala, inu mwadula za mwana. Mwawaposa."

Mpingo unagawanika pawiri. Anthu a ku Mbayani sachedwa kupereka maina, ndiye gulu lina analitcha a Pakamwa, linalo a Magetsi. Tchalitchi chinali chimodzi, ndipo aliyense ankati n'chake. A Magetsi anaika loko wawo pachitseko. A Pakamwa anabwera ndi unyolo n'kuikanso loko wawo pamwamba pake. Kwa masabata asanu anthu a Mulungu ankapempherera panja, awa pansi pa mtengo wa mango, awo kuseri kwa chimbudzi, akupikisana kukweza mawu.

Woyenda pambuyo pa a Pearson pa nkhondoyi anali a Eliot Muhiwa, kapitawo wa alonda pa kampani ina ku Limbe, chimunthu cha khosi ngati mtondo. A Eliot kale anali chidakwa chogona m'ngalande. A Pearson ndi amene anawatola, kuwabatizitsa ndi kuwaphunzitsa mfundo zonse zotsutsira zoimbira. Wophunzirayo anameza zonse, ndi ukali womwe.

Loweruka lina m'mawa a Pakamwa anapangana zokadula loko wa anzawo. A Magetsi anatsinidwa khutu, ndipo anafika ndi zibonga. Zimene zinachitika pakhomo la tchalitchi tsiku limenelo n'zochititsa manyazi kuzinena. Madikoni anaswana mitu ndi njerwa. Amayi anang'ambirana mabulauzi oyera, ndipo wina analuma mnzake khutu mpaka kachidutswa kanatsalira m'kamwa. Mabuku opatulika anasanduka zotchingira miyala. Ogulitsa chipisi anasiya ziwaya pamoto n'kukwera pampanda kudzaonerera, akuimba miluzu. Pakati pa chipwirikiticho Ronald anatulukira, dzanja likadali m'bandeji, akukuwa kuti anthu aleke. A Eliot anali atamasula unyolo uja, loko akulendewera kumapeto kwake. Anauzungulitsa m'mwamba atalunjika mutu wa Ronald.

A Pearson anaona, ndipo analumpha. Mpaka lero palibe akudziwa ngati ankafuna kumutchinga mwanayo kapena kumufikira okha, ndipo mwina eni akenso sadziwa. Loko anawapeza pakhosi, penipeni pakholingo. Anagwa chagada, zala zikukanda dothi, mpweya ukulira m'khosi, thovu la magazi lili kukamwa.

Amene anawanyamula sanali wa Pakamwa kapena wa Magetsi. Anali Che Alidi, Msilamu woyendetsa lole ya mchenga, amene ankaimika galimoto yake pafupi ndi shedi yawo. Anawagoneka kumbuyo kwa lole, a Sellina atawapakata mutu, n'kuthamanga nawo ku chipatala chachikulu hutala ikulira njira yonse. Madokotala anapulumutsa moyo, koma mawu anatsala pakhomo la tchalitchi paja. Atatuluka m'chipatala, a Pearson akati alankhule pankangotuluka kamphepo, komveka kwa munthu yekhayo amene waika khutu pakamwa pawo.

Tchalitchi chinatsala m'manja mwa a Pakamwa, chifukwa a Magetsi anaopa magazi n'kukayamba kupempherera m'kalasi pasukulu ina. A Eliot anafalitsa kuti a Magetsi ndiwo apha mawu a mtumiki wa Mulungu. A Pearson ankamudziwa mwini unyolo, koma sananene, poopa kugwetsa gulu lawo lomwe. Choncho a Eliot anakhala mkulu wampingo, n'kukhalanso woyambitsa nyimbo. Mawu anali nawo aakulu ndithu, koma nyimbo ankaithamangitsa ngati akupirikitsa mbava. Ya a Sellina anaiyesa kawiri, inasweka kawiri konse, ndipo anaichotsa m'nyimbo za mumpingo.

Zaka zoposa khumi a Pearson anakhala pabenchi yachiwiri, milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Zinkawawawa, ndipo ankabwera kunyumba maso ali psuu. Munthu amene ankadzaza tchalitchi tsopano ankangomvera ena akupha nyimbo, iye ali duu. Kenako chala chawo chinayamba chokha kugogoda benchi, go, go, go, ndipo okhala nawo pafupi anayamba kutsata chalacho m'malo motsata a Eliot. Nyimbo zinayamba kuwongoka kuchokera pakati pa tchalitchi. Lamulungu lina a Eliot anatsika kutsogolo nyimbo ili mkati, n'kusanjika chidzanja chawo pa chalacho.

"Madala, zimayamba chonchi. Lero chala, mawa ng'oma. Munatiphunzitsa ndinu."

A Pearson anapinda manja. Akanakhala ndi mawu akanayankha chiyani, poti chiphunzitsocho chinalidi chawo?

A Sellina nawo mwezi uliwonse ankakwera minibasi ya ku Limbe atanyamula tomato m'kabasiketi, akuti akukaonana ndi dokotala wa miyendo. A Pearson ankadziwa kuti dokotalayo ali ndi zala zitatu kudzanja lamanja, koma sankafunsa. Kamodzi kokha, atapita ku Limbe kukagula malata, anamuona Ronald patsidya pa msewu akuvutika kutsegula kapepala ka chaja ndi mano. Anaima kuseri kwa minibasi mpaka mnyamatayo atamaliza, kenako anadzera njira ina.

M'nyengo yozizira ya 2023 a Sellina anagwa mumsika, mbali imodzi ya thupi itafa. Anagona masabata awiri. Masana ena a Pearson akuwamwetsa phala, mayiyo anawagwira malaya ndi dzanja limene linkagwirabe ntchito.

"Bambo, nyimbo yanga."

A Pearson analoza pakhosi pawo, misozi ikutsika.

"Za pakhosi panupo ndikuzidziwa, ndinalipo. Koma lonjezo lija simunalibweze. Muona nokha chochita."

Anamwalira Lachitatu m'mawa.

Anthu akusonkhana pasiwa, a Pearson anazemba n'kutsikira kushedi. Amayi anang'ung'udza kuti mkuluyu mutu wazungulira, mkazi ali gone m'nyumba iye akukagwira ntchito. Kushediko anakodola Che Alidi n'kuwalozera chidutswa cha sipuling'i yothyoka ya lole chimene chinkangokhala pansi. Che Alidi anapereka osafunsa. A Pearson anachidula, anachiboola kumutu, anachipala, n'kumangirira chingwe. Atachilendeweza ndi dzanja lamanzere n'kuchigunda pang'ono ndi hamala, chinalira, ngweee, kulira kwautali kopita kutali. Anachidulanso pang'ono, anachipalanso, mpaka chinalira pa mawu enieni amene iwo ankayambira nyimbo ija. Anaima nthawi yaitali akuchiyang'ana. Ankalidziwa bwino lomwe dzina la chinthu chimene apangacho. Anakumbukira mpini wa chikwanje cha bambo awo, anakumbukira dzanja la Ronald pakiyibodi, ndipo manyazi anawagwira mpaka anakhala pansi m'fumbi.

"Che Namakhwa," anatero Che Alidi, "za zoimbazi ngakhale ife kumzikiti timakangana. Koma anzanu aja akachiona ichi akuphani."

A Pearson anangochikulunga m'nyuzipepala n'kuchilowetsa m'jekete pamodzi ndi hamala.

Mwambo woika maliro unali Lachisanu masana. Kumanda kunadzaza amayi a mumsika, a Pakamwa atavala zoyera, ndi a Magetsi ochepa ataima chapatali. Pakati pa a Magetsiwo panali Ronald, tsopano bambo wa ndevu zoyamba imvi. Bokosi litatsitsidwa, adzukulu amene anakumba mandawo anagwira mafosholo, ndipo a Eliot anakweza dzanja kuti ayambitse nyimbo yawo yothamanga yokwiririra.

A Pearson anaima kumutu kwa manda. Anatulutsa chitsulo, anachilendeweza, anachigunda. Ngweee. Anthu onse anacheuka. Anagundanso pang'onopang'ono, kanayi, ndipo amayi achikulire anazindikira kayendedwe kake. Mmodzi anayamba, "Ndafika pakhomo," ndipo ena analandira.

Sanafike nayo patali. A Eliot anadumpha mulu wa dothi.

"Siyani! Amayi, ndati siyani kuimba! Madala, mwapenga? Choimbira pa maliro a mpingo?"

A Pearson anagundabe.

"Perekani kuno chinthucho!"

A Eliot anagwira mkono wamanzere wa nkhalambayo n'kuupotokolera kumbuyo, monga ankachitira ndi mbava kuntchito kwawo. Phewa linalira, phwa! Chingwe chinaduka, chitsulo chinagwera m'dothi. A Pearson anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma kukuwako kunalibe mawu, ndipo kunali koopsa kuona. Anatembenuka hamala ili m'mwamba. Mutu wa a Eliot unali pomwepo, wadazi, ukunyezimira ndi thukuta. Onse amene ankaidziwa hamala imeneyo anatsinzina.

Sinatsike. Kwa nthawi yoyamba inaima m'njira. A Eliot sanadikire kuti amve chifukwa chake. Anawasasantha chibakera pakamwa, ndipo nkhalambayo inagwera pamulu wa dothi n'kulavula mano awiri. Apa adzukulu anapsa mtima, poti kumanda olamula ndi iwo. Anawazungulira a Eliot, wina anawamenya ndi fosholo kumsana, wina pamphumi. Madikoni analowerera ndi zibakera, amayi anabalalika akukuwa, nkhata zinapondedwa, dikoni mmodzi anatsetsereka mwendo umodzi n'kulowa m'dzenje. Che Alidi anaima pakati atatambasula manja.

"Pali mtembo apa! Inu anthu, pali mtembo!"

Mawu a Msilamu ndiwo anakumbutsa Akhristu chimene anadzera. A Eliot anabwerera m'mbuyo akupukuta magazi kumaso, n'kulengeza kuti mpingo wasamba m'manja, malirowa si ake ayi. Anachoka ndi madikoni awo ndi azibambo ena khumi. Amayi ambiri sanasunthe, anangoima akuyang'ana bokosi la mnzawo lili m'dzenje losakwirira.

A Pearson anadzuka ndi mawondo. Mkono wamanzere unkangolendewera. Anafufuza chitsulo m'dothi mpaka anachipeza, anachigunda chili pansi, chinangoti du. Chitsulo chogona pansi sichilira, chimafuna wochigwira m'mwamba. Ndipo chingwe chimene chinatsalako chinali chachifupi ngati chala, moti wochigwirayo dzanja lake likanakhala pomwe pakutsikira hamala. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, magazi akutsika pachibwano. Azibambo amene anatsala anazyolika. Onse ankaidziwa mbiri ya hamalayo, ndipo onse ankaona mmene mkono wa nkhalambayo ukunjenjemerera.

Amene anatuluka m'gulu anali Ronald. Zaka khumi ndi ziwiri anali asanalankhulane ndi amalume ake. Anagwada n'kutola chitsulo. Dzanja lamanzere anali nalo labwinobwino, koma limenelo analilowetsa m'khwapa mwa nkhalambayo kuti iime. Chingwe anachipana ndi dzanja lamanja, ndi zala zitatu zopindika zija, n'kuchikweza.

"Sikuti ndakukhululukirani, ankolo," anatero motsitsa mawu. "Ndadzera amayi. Menyani."

A Pearson anayang'ana dzanjalo. Anali asanalionepo pafupi chichotsereni bandeji. Pomwe panali zala ziwiri panali kakhungu kosalala, konyezimira. Anayesa kukweza hamala, mkono unakana. Anasendeza pakamwa pawo pakhutu la Ronald n'kunena ndi kamphepo kawo kaja.

"Ndikuopa."

"Inenso ndikuopa. Menyani."

Anamenya. Chitsulo chinalira. Ronald anatsinzina, koma dzanja sanalisunthe. Anamenyanso, kanayi, pang'onopang'ono, ndipo amayi anayambanso nyimbo ija, azibambo analandira, a Magetsi anasendera pafupi. Adzukulu anayamba kukwirira, mafosholo akutsata chitsulo. Atafika popumira paja, hamala inaima m'mwamba, pamwamba pa zala zitatuzo, ndipo anthu onse anadikira. Mafosholo anaima. Palibe analowa msanga, palibe anachedwa, palibe anaseka. Hamala inatsika, ndipo onse analowa pamodzi. A Pearson milomo yawo yotupayo inkayenda ndi nyimbo, misozi ikusakanikirana ndi magazi, mpaka dothi linadzaza.

Nyimbo itatha, Ronald anaika chitsulo pamtumbira, anapukuta dzanja pathalauzi, n'kupita kukakwera minibasi osatsanzika.

Lamulungu lotsatira a Eliot, bandeji ili pamphumi, anawerenga kutsogolo kuti a Pearson Namakhwa achotsedwa mumpingo chifukwa chobweretsa choimbira pa mwambo wa Mulungu. Mfundo zonse za chigamulocho zinali zomwe a Pearson anaphunzitsa. Kwa a Magetsi sanapiteko, phokoso la masipika amadana nalobe. Shedi anatseka, poti phewa lija silinabwerere m'malo mwake, ndipo ku Mbayani hamala yawo sikumvekanso.

Masiku ano Lamulungu m'mawa amavala jekete, amatenga kabasiketi ka a Sellina, amagula tomato pang'ono, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Amatsika, amayenda mpaka pakhomo la kanyumba kamene Ronald amakhala ndi mkazi wake ndi ana awiri. Kuodira sangathe. Masiku ena chitseko chimatseguka, masiku ena ayi. Amagogoda kanayi, pang'onopang'ono, kenako amadikira.